Nkhuku za Amai Ako

Matero, Lusaka
9 Meyi 1994

Mwana wanga Mainess,

Moni wochuluka. Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli ndi moyo, ndipo ntchito yakuchipatala ikuyenda bwino ku Botswana uko kumene ife sitikudziwako. Ife tadzuka, ine ndi mlongo wako Whyson. Mphepo yayamba msanga chaka chino, fumbi likulowa mpaka m'kabati.

Kukampani ya mabasi kulibe chatsopano. Tinapitako ndi madalaivala anzanga kukafunsa za tsogolo lathu, tinangopeza mlonda ndi loko pachipata. Komabe ndimadzuka mbandakucha monga kale, n'kuvala nsapato, kenaka n'kukumbukira kuti palibe basi yondidikira. Ndiye ndimangopita kukhola.

Nkhuku za amai ako zaswana. Ukumbukira thadzi la tsumba lija anabwera nalo m'dengu kuchokera ku Petauke, iwe utatsala pang'ono kunyamuka? Likadalipo. Lakalamba koma likuikirabe, ndipo pabwalo ponse ndi ana ake ndi adzukulu ake. Mazira awo ndiwo akutigulira ufa ndi makala masiku ano.

Koma pali chimene chandisowetsa mtendere. Sabata yatha Whyson anabwera ndi nkhuku zisanu zazikulu kuchokera ku Soweto Maketi, akuti anazipeza motchipa kwa munthu amene ankathamangira basi ya ku Mumbwa. Anachita ndi mtima wabwino. Tinaziponya m'khola madzulo omwewo. Tsopano ziwiri zikuyetsemula, m'maso mukutuluka thovu, ndipo ina nkhope yatupa mbali imodzi mpaka diso latsekeka. Dzulo ndamva msoti wathu wakuda nawonso ukupuma ngati munthu woliza mkonono. Ndasinja masamba a tembusha ndi tsabola n'kuthira m'madzi awo monga ankachitira amai ako, koma sindikuona kusintha.

Iwe unaphunzira za matenda. Chimfine chotere umachiyambira pati?

Za tchuthi chako unati Epulo. Epulo wapita. Sindikukukakamiza ayi, ndikungofuna kudziwa chowayankha akutchalitchi akandifunsa.

Ndine atate ako,
Cephas Shawa

*

Selebi-Phikwe, Botswana
31 Meyi 1994

Atate,

Ndakondwa kumva kuti mwadzuka. Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno kumaboola mafupa.

Kalata yanu yachedwa m'njira. Ndaiwerenga kawiri kufunafuna pamene mwalemba za inu eni. Ndapeza timizere tochepa, kwina konseko ndi nkhuku. Mukudya? Bondo lija lasiya kutupa? Simunanene.

Ine ndine namwino wa anthu, atate, za nkhuku sindinaphunzire. Koma m'wodi ya chifuwa timachita chinthu chimodzi tisanapereke ndi mankhwala omwe: wodwala timamuchotsa pakati pa anzake. Patulani zodwalazo, zikhale kwazokha ndi mbale zawozawo. Muziyamba kudyetsa zabwino, zodwala pambuyo, ndipo muzisamba m'manja ndi sopo. Ikafa, musadye, kwirirani mozama. Zatsopanozo sizinayenera kulowa m'khola tsiku lomwelo. Mumuuze Whyson.

Ndapatsira Lillian, mnzanga wa ku Kaunda Square amene akubwera uko, bulangete ndi kaenivelopu. Mukanangonena kuti zinthu zavuta, osachita kuzungulira kukhola. Ndine mwana wanu, simuyenera kuchita manyazi kupempha. Ndipo ngati nkhukuzo zikukuvutani, gulitsani zonse. Nkhuku ndi nkhuku, mudzagula zina.

Za tchuthi, anamwino tachepa, awiri anapita ku Joni. Mwina Disembala.

Mwana wanu,
Mainess

*

Soweto Maketi, Lusaka
13 Juni 1994

Ba sisi Mainess,

Muli bwanji uko? Ise kuno tili chabe so. Nilemba kalata iyi pa sitandi yanga, salaula siyenda, banthu bangogwira vovala na kubweza pansi.

Ba sisi, vinthu vavuta kunyumba. Zija nkhuku ninagula zinafa zitatu, manje matenda yangena mu zathu. Mukafika pa geti mumvera chabe kuyetsemula monga ni kiliniki. Batate sibakamba kuti ni ine ninaleta matenda, koma sibaniyanganako kumaso. Ine ninafuna chabe kuthandiza.

Manje mverani ichi. Zodwala bazingenesa mu nyumba. Mu rumu ya bamai! Baika makatoni pansi, bachosa matiresi. Beve kuchokera pamene bamai banafa bagona pa mpando mu sitingi rumu, ija rumu inali yokhoma, olo ine sinenze kungenamo. Manje mwangena nkhuku. Ati kulibe malo ena opanda mphepo. Nyumba yonse inunkha.

Bana Chilekwa, mai wa pa neba, nabeve nkhuku zao zayamba, chifukwa zenze kubwera kumwa pa mbale yathu. Banabwera kutukana pa waya, banthu banadzala mu njira. Batate banangoimirira na chipewa kumanja.

Ine ninakamba kuti zija zikalibe kuonesa matenda tipeleke ku maketi manje manje, tipezeko kanthu. Ninabweresa na katoni ya kunyamuliramo. Batate banaimirira pa khomo ya khola ati, "Zimene anakuchita iwe munthu wa ku Mumbwa ufuna ukachite mnzako?" Ninaibweza katoni.

Ba Lillian banafika. Bulangete bafunda, koma enivelopu baiika pamwamba pa kabati, sibanasegule. Kalata yanu banawerenga, banakhala ku khola mpaka madzulo.

Chinangu, bakhosomola maningi, ndipo baonda. Kambani nabo imwe, ine sibanimvera.

Mufana wanu,
Whyson

*

Matero, Lusaka
19 Juni 1994

Mwana wanga Mainess,

Moni. Bulangete ndalandira, zikomo, ndi lofunda. Bondo lili bwino. Ndikudya.

Sindinapemphe ndalama. Ndinakufunsa za chimfine chifukwa ndinafuna kumva maganizo ako, monga mmene ndikanawafunsira amai ako. Enivelopu ili pakabati, udzaipeza.

Malangizo ako ndinali nditayamba kale ena, ena ndaonjezera. Ndinatenga nkhuku imodzi yodwala m'katoni kupita nayo ku ofesi ya za ziweto. Kondakitala wa minibasi atamva fungo anandikaniza, ndipo sindinamuimbe mlandu, ndinayenda pansi. Dokotala wake, a Sampa, anaitsegula kukamwa, n'kuinunkhiza, n'kundifunsa ngati pali imene yapinda khosi kapena kuzungulirazungulira. Ndinati palibe. Anati ndiye si chitopa, ndi chimfine choopsa cha nkhuku, chimayenda m'mamina ndi m'madzi akumwa. Anandilembera mankhwala a ufa wachikasu othira m'madzi. Ndinagulitsa wailesi n'kugula.

Tsopano tsiku langa limayenda chonchi. Ndimayamba kukhola kwa zabwino, kutsuka mbale ndi madzi otentha, kuwaza phulusa pansi. Kenaka ndimasintha patapata n'kulowa kwa zodwala. Zimene maso atsekeka sizikuona chakudya, ndiye ndimazipukuta ndi kansalu ka madzi ofunda a mchere mpaka diso litseguke, n'kuziviika mlomo m'phala la gaga. Ndinatseka mipata yonse ya waya ndi masaka kuti za aneba zisalowe. Ogula mazira amaima kumsewu. Zafa zambiri, ndakumba mpaka manja atuluka matuza, koma zina zayamba kudzuka. Thadzi la tsumba linadwala kwambiri, masiku angapo silinadye. Dzulo lajompha chala changa.

Koma a Sampa anandiuza mawu amene akundilemera. Akuti nkhuku ikachira, matendawa sachoka, amangogona m'mutu mwake. Idzaoneka yonenepa, koma iliyonse yatsopano imene idzamwa nayo madzi idzadwala, ndipo mphepo ikabweranso nayo idzayambiranso. Akuti njira yoongoka ndi kupha zonse, kuyeretsa khola, kulisiya lopanda kanthu kwa kanthawi, n'kuyamba mwatsopano. Ndinawafunsa ngati palibe njira yokhota. Anaseka pang'ono, anati, "Bambo, munali dalaivala, mukudziwa kumene njira zokhota zimathera."

Unati nkhuku ndi nkhuku. N'zoona. Koma izi sindinagule ine, ndipo kumene zinachokera sindingabwerereko kukatenga zina.

Disembala ndamva. Ndiwauza akutchalitchi.

Atate ako,
Cephas Shawa

*

Selebi-Phikwe
4 Julaye 1994

Atate,

Moni. Kalata ino ndikulemba ndili ndi mantha, mundikhululukire ngati mawu alimba.

Whyson wandilembera. Akuti mukukhosomola, mwaonda, ndipo mwaika nkhuku zodwala m'chipinda cha amai. Atate, zimenezi n'zotani? Fumbi la zitosi m'nyumba yotseka mawindo, munthu wa zaka zanu! Mawa lomwe mupite kukiliniki akakupimeni makhololo. Nkhukuzo zituluke. Chipinda chimene amai anagonamo zaka zonsezo mwachisandutsa khola?

Ndaganiza kwambiri. Mwina kukhala nokha m'nyumba imeneyo kukukusokonezani. Bwanji mupite ku Petauke kwa atete, mlongo wanu, mukakhale pakati pa abale? Nyumba Whyson angaikemo anthu a lendi. Ku Lusaka kulibenso chimene mukudikira.

Yanga ija simunayankhe. Ndiyankheni ino.

Mainess

*

Selebi-Phikwe
15 Ogasiti 1994

Iwe Whyson,

Moni. Kodi kunyumba kuli chiyani? Mwezi wadutsa, palibe wandilembera.

Ndinawalembera atate kalata yoipa. Nditangoiponya, mawa lake kunafika yawo imene analemba mu Juni. Zinadutsana m'njira. Nditawerenga za wailesi ndi za kupukuta maso a nkhuku, ndinathamangira kupositi kukapempha kuti andibwezere yanga, koma thumba linali litapita kale.

Ndinawauza kuti ku Lusaka kulibe chimene akudikira. Sindidziwa dzanja langa linalemba bwanji zimenezo.

Ndikuuze iwe zimene sindingawauze iwo. Anamwino tachepadi, koma tchuthi ndikanachipeza. Telegalamu ya maliro a amai inandipeza atawaika kale, ukudziwa. Kuchokera pamenepo, ndikatseka maso ndimawaona ali pakhomo lakukhitchini, chitenje chodzaza chimanga, akuitana nkhuku. Ndikakhala kuno akadali pomwepo. Ndikabwera ndidzapeza khomo lokha. Ndiye ndimati mwezi wamawa, mwezi wamawa.

Kuno nkhuku timagula yozizira m'pepala, yopanda mutu ndi miyendo. Kuseri kwa nyumba za anamwino kuli munthu ali ndi tambala mmodzi. Akalira ndimaiwala kumene ndili, ndimadikira kumva atate akutsokomola pampopi.

Anapita kukiliniki? Akwiya? Undiuze zoona, usandibisire.

Mlongo wako,
Mainess

*

Matero
2 Sepitembala 1994

Ba sisi,

Musayope, batate bali moyo. Ninabapeleka neka ku kiliniki, banapima, ati chifuwa chili bwino, ni fumbi na mphepo chabe. Manje chikhoso chasila.

Kalata yanu ija inabababa, sininganame. Banaiwerenga pa khomo, banaipinda bwino bwino, ati, "Mlongo wako akuganiza kuti ndapenga." Pepala ninabagulira, koma bakalemba "Mwana wanga" basiya.

Manje nikuuzeni vinachitika. Zinasala nkhuku khumi na imodzi, zonse zochira. Batate banabwerera kuli ba Sampa kufunsa za mazira. Ba Sampa ati matenda aya siyangena mu dzira, ngati mwapukuta bwino na kupasa nkhuku ina ya kutali yamene siinadwalepo, tuana tuzabadwa twabwino. Batate banabwera monga munthu wapeza nchito. Banayamba kusunga mazira ya ija ya tsumba na bana bake. Ba Mukupa, baja benze kuimba nabo bamai mu kwaya, banasamukira ku Kabanana, benze na nkhuku yofuna kukhalira. Tinapeleka mazira kuja na mendo, ati minibasi izayagwedeza. Banayamanga mu chitenge cha bamai, njira yonse banagwira pa chifuwa. Pa geti ya ba Mukupa banavula nsapato na kusamba kumanja bakalibe kungena.

Pa Chiweru tinapaya zonse. Batate bananola mpeni beka, banagwira ya tsumba, banaimirira nayo nthawi itali. Kenaka bananipasa mpeni ati, "Chita ndiwe." Banayenda kuseri kwa nyumba. Ninachita, ba sisi. Ninalira monga mwana, ine wamene ninafuna kuzigulisa.

Nyama tinagabira ma neba. Bana Chilekwa batate banabapelekera ziwiri beka, na kubauza vonse vamene ba Sampa banakamba. Manje bapasana moni. Batate sibanadyeko olo kamwendo.

Madzulo tinakhala panja, pa yadi penze zii. Ninabafunsa chifukwa chake banavutika so pa nkhuku. Ati, "Whyson, pakhomo pano zimene zinkadziwa mawu a amai ako zinali zitatu: iwe, ine ndi thadzi lija. Wachinayi ali kutali." Kenaka ati, "Usamulembere zimenezi." Nalemba.

Za maliro sibanakukwiyireni olo tsiku imodzi. Bakamba chabe kuti telegalamu inachedwa. Bayenda ku positi pafupipafupi, olo baziba kuti ni beve bafunika kuyankha.

Vamene munaniuza va bamai pa khomo ya khichini, pepani, nabawerengerako. Sininakwanise kusunga neka.

Whyson

*

Selebi-Phikwe
19 Sepitembala 1994

Atate,

Moni. Zonse ndamva kwa Whyson. Kalata ija ing'ambeni, ku Petauke musapite.

Ndapita kwa akulu a anamwino, sindinapemphe, ndangowauza. Ndinyamuka kuno Lachisanu pa 21 Okutobala, kudzera pa Kazungula. Pantuni yoolotsa mabasi pamtsinje ikapanda kuvuta ndifika ku Lusaka Loweruka madzulo. Ndikhala mwezi wathunthu.

Musakonze chilichonse. Ndikuopa, atate, koma ndikubwera.

Mwana wanu,
Mainess

*

Matero, Lusaka
5 Okutobala 1994

Mwana wanga Mainess,

Moni. Kalata yako yafika dzulo. Ndinaiwerengera papositi pomwepo, ndipo mayi wogulitsa masitampa anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Ndinati ayi, ndi fumbi.

Ndakhala chete nthawi yaitali, usandiwerengere mlandu. Mawu ankabwera ambiri, pepala n'kuchepa.

Ku Kabanana mazira anaswa, asanu ndi awiri. Ena anafera m'chikamba. Pa anapiyewo awiri aonetsa kale katsumba pamutu. A Mukupa akuti ndikawatenge, koma ndati akule kaye komweko. Khola ndinapala pansi, zisa zakale ndinatentha, ndapaka laimu mkati monse, ndipo likuwombedwa dzuwa. Pambali pake Whyson wamanga kakhola kena kakang'ono. Akuti nkhuku iliyonse yachilendo izidzayamba yagona mmenemo masabata atatu, ngakhale itabwera ndi abusa. Mlongo wako wakula chaka chino.

Chipinda chija tachitsuka, tabwezeramo matiresi, mawindo ndi otsegula. Ine ndikadali pampando. Ndinayesa kugonamo kamodzi, sindinathe. Ndiye usaganize kuti wamantha ndiwe wekha pabanja pano. Kumanda ku Chingwere tidzapita Lolemba, pamene kulibe anthu ambiri. Ukafuna kulira udzalira, ukafuna kungoima udzaima, palibe adzakufulumiza.

Lusaka wasintha, udzadabwa. Mabasi athu aja kulibe, ndi timinibasi tokhatokha, ndipo anyamata oitanira amalanda chikwama m'manja usanayankhe kumene ukupita. Usapatse aliyense katundu wako. Usakwere kanthu. Ukatsika pa siteshoni ya mabasi akuluakulu, ine ndidzakhala ndilipo. Ndidzayamba kupitako Lachisanu, chifukwa mabasi ndimawadziwa, nthawi zina amafulumira. Whyson akuti basi imene sinanyamuke singafike, koma iye sanayendetsepo basi.

Chinthu chimodzi. Tsitsi langa layera lonse, ndipo jekete yanga yandikulira. Mwina udzandidutsa osandizindikira. Usavutike kundifunafuna m'chigulu. Ungotsika, uyambe kuyenda kulowera kuchipata. Ndidzakudziwa ndili patali, umaponda ngati amai ako.

Yenda bwino, mwanawe.

Atate ako,
Cephas Shawa